Munda wa maluwa, nkhalango ndi gofu ku Mauritius: masiku asanu tiwagawe bwanji?

Funso: Ndimagwira ntchito pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Mu Julayi ine ndi mayi akunyumba tikwanitsa zaka 25 tili m'banja, ndiye ana asonkherana kutigulira ulendo wa masiku asanu wa ku Mauritius. Pa Facebook ndinaona zithunzi za paki ya pachilumba yokhala ndi munda wa maluwa, njira zoyenda m'nkhalango komanso bwalo la gofu. Mayi amakonda maluwa, ine ndimamenya gofu ku Thyolo Club, handicap yanga (nambala yosonyeza luso la womenya gofu) ndi 18, ndipo tonse tinakwerapo phiri la Mulanje kudzera ku Likhubula mpaka pa Chambe. Kodi zonsezi tingazione tsiku limodzi kuti masiku enawo tizingopuma? Tikonzekere chiyani? (Bambo a ku Thyolo)

Yankho: Bambo, mafuno abwino kwa inu ndi mayi. Tiyambe ndi kuwongola zimene zithunzi zija zinakupatsani. Amene anaziika pamodzi anasonkhanitsa malo atatu otalikirana. Munda wotchukawo uli ku Pamplemousses, kumpoto. Nkhalango yoyendamo ndi Black River Gorges, kumwera chakumadzulo. Bwalo la gofu la pakachilumba lili pa Île aux Cerfs, kum'mawa, ndipo kumeneko mumachita kuwoloka pa boti. Lililonse mulipatse tsiku lake.

Pamapu Mauritius amanyenga. M'litali ndi makilomita pafupifupi 65, m'lifupi 45, ndiye kuti kukula kwake n'kofanana ndi boma limodzi lakuno, kuposa Thyolo pang'ono, kuchepera Mulanje pang'ono. Munthu amaganiza kuti ndi ulendo wa Luchenza kupita pa Chitakale. Koma pakadera kameneka pali anthu oposa 1.2 miliyoni ndi magalimoto awo. M'mawa ndi madzulo msewu wolowa ndi kutuluka mu Port Louis, likulu la dzikolo, umadzaza thothotho, ndipo mukasiya msewu waukulu mumalowa timisewu topapatiza todutsa m'minda ya nzimbe ndi m'midzi, momwe basi ikaima kutsitsa munthu nonse mwaima. Kuchoka kugombe lakumadzulo kukafika lakum'mawa muwerengere ola limodzi ndi theka. Amene amayesa kupanikiza malo atatuwa tsiku limodzi amabwerako ataona mkati mwa takisi.

Kogona kusankhidwe ndi mphepo

Julayi ndi nyengo yozizira kumenekonso, ndipo mphepo imawomba kuchokera kumwera chakum'mawa. Ndi mwera womwewu umene umavutitsa asodzi kunyanja kwathu, womwewunso umene umatibweretsera chiperoni, kungoti ku Mauritius umafika uli ndi mphamvu zonse chifukwa palibe mtunda woutchinga. Umagunda gombe lakum'mawa ndi lakumwera, n'kukasiya nkhungu ndi mvula yowaza pamtunda wapakati, kumadera a Curepipe. Gombe lakumadzulo, la Flic en Flac, Tamarin ndi La Preneuse, lili kuseri kwa mapiri, ndiye kumakhala kouma ndi kofunda. Mukudziwa kale mmene Phalombe amakhalira wouma pamene mbali ya Lujeri ikuvumbwa. Ndi zomwezo.

Choncho mugone masiku awiri oyamba kumadzulo, chifukwa nkhalango ili pafupi, kenako tsiku lachitatu musamukire kum'mawa, ku Trou d'Eau Douce, komwe maboti a ku Île aux Cerfs amanyamukira ndipo bwalo la ndege la ku Plaisance silitalikira. Munda wa Pamplemousses muuone tsiku losamukalo, katundu ali m'galimoto. Mukatero simuyenda msewu umodzi kawiri.

Mwezi mwasankha bwino pa nkhani ya anamondwe. Nyengo yawo ndi Novembala mpaka Epulo. Freddy uja anadutsa chakumpoto kwa Mauritius mu Febuluwale 2023 asanadzatigwetsere mapiri kuno mu Malichi. Ngati ulendo ungasunthire m'miyezi imeneyo, dziwani kuti machenjezo awo ali m'magawo anayi, Class 1 mpaka Class 4, ndipo ikafika Class 3 mabasi, masitolo ndi maboti zonse zimaima.

Zokonza musanachoke ku Thyolo

Pasipoti ya Malawi sifuna viza pa ulendo wokacheza ngati wanuwu, koma a zolowa ndi kutuluka amafunsa zinthu zitatu: tikiti yobwerera, umboni wa komwe mukagone, ndi ndalama zokwanira, zomwe amaziwerengera pa madola 100 a ku America usiku uliwonse. Zonsezi zikhale papepala, musadalire foni yokha. Palinso fomu ya pa intaneti yotchedwa All-in-One Travel Form. Muidzaze muli kuno, musindikize tsamba limene ikupatseni pamapeto, aliyense lakelake.

Ndalama ndiye zoyamba kuzithamangira. Kwacha sasinthika ku Mauritius, ndipo mukudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira m'mabanki athu. Pitani ku banki ndi pasipoti ndi tikiti kudakali milungu inayi kapena kuposa, mupemphe madola kapena mayuro, ndipo mufunse malire a khadi lanu la Visa mukamalipira kunja. Mukafuna kukalipira bwalo la gofu ndi khadi, dziwani kuti khadi likakana muli kale kumeneko mwataya nthawi yanu yomenyera. Ndalama yawo ndi rupee. Sinthani zochepa pabwalo la ndege zolipira takisi, zina mukasinthe m'tauni.

Palibe ndege yochoka ku Chileka kulunjika ku Mauritius. Njira yachidule ndi ya ku Johannesburg, maola awiri ndi pang'ono, kenako maola anayi pamwamba pa nyanja. Auzeni ana agule ulendo wonse pa tikiti imodzi. Akagula ziwiri zosiyana pofuna kupulumutsa ndalama, pa bwalo la ndege la OR Tambo ku Johannesburg mudzayenera kutuluka, kutenga katundu, kukamulembetsanso, ndipo ndege yoyamba ikachedwa yachiwiriyo sikudziwani. Akasankha njira ya Nairobi kapena Addis Ababa, nyamulani khadi lachikasu la katemera wa yellow fever, chifukwa mayiko awiriwo ali m'gulu la komwe matendawa amapezeka.

Mauritius anathana ndi malungo ndipo amachita nawo mantha. Munthu wochokera dziko ngati lathu, a zaumoyo akhoza kumuimbira foni kapena kumupeza komwe wagona kuti amuyeze magazi. Musadabwe nazo, ndi ntchito yawo. Inuyo mukamva kuphwanya m'thupi muli kumeneko, uzani dokotala poyambirira penipeni kuti mwachokera ku Malawi. Mankhwala amene mumamwa masiku onse akhale m'mapaketi ake pamodzi ndi kalata ya dokotala, makamaka opha ululu amphamvu, chifukwa malamulo awo a mankhwala ndi okhwima. Phukusi la munthu wina, ngakhale wa kumpingo, musanyamule. Zipatso, mbewu, nzimbe ndi nyama siziloledwa kulowa chisawawa, ndiye mapeyala a ku Thyolo atsale. Nsima mukaipeza mukabwerako. Kumeneko ndi mpunga, buledi ndi dholl puri, kachikondamoyo kopyapyala ka nyemba zogaya kamene amakulungiramo ndiwo, kotsika mtengo ndipo kokhutitsa.

Magalimoto amayenda kumanzere ngati kwathu, mapulagi ambiri ndi a mano atatu ngati athu, ndipo nthawi yawo ili patsogolo ndi maola awiri. Chingerezi chimamveka, ngakhale pakamwa pa anthu pamakhala Kreol ndi Chifalansa. Kabaza kulibe. Mabasi ndi otsika mtengo koma kumidzi amasiya kuyenda kukangoda. Matakisi ambiri sayatsa mita, ndiye mtengo mugwirizane musanakwere, ndipo pa masiku oyenda kwambiri n'kwanzeru kupangana ndi dalaivala mmodzi mtengo wa tsiku lonse.

Nkhalango ya Black River Gorges

Paki imeneyi inakhazikitsidwa mu 1994 ndipo ndi yaikulu mahekitala oposa 6,500. Nsonga yake yaitali, imenenso ndi yaitali pachilumba chonse, ndi Piton de la Petite Rivière Noire, mamita 828. Sapitwa ndi 3,002. Anthu amene munakwera kuchoka ku Likhubula kukafika pa Chambe, mtunda wa kumeneko sukuopsani. Chimene chimagwetsa anthu ndi dothi. Ndi katondo wofiira, wosakanikirana ndi mizu yoyanga pamwamba, ndipo kukangowaza mvula amaterera ngati therere. Ku Mulanje phazi limaponda mwala nthawi zambiri. Uku limaponda matope. Nsapato zikhale za mano akuya kunsi, zimene mwaziyendera kale. Zatsopano zogula dzulo zimatupitsa matuza pa kilomita yachitatu.

Zipata zazikulu ndi ziwiri, ndipo apa ndi pomwe alendo amasokonezeka. Chakumtunda ndi Le Pétrin, chimene mumafikako kudzera ku Vacoas kapena Curepipe. Chakumunsi ndi cha Black River, makilomita ngati asanu kuchoka pamsewu wa m'mbali mwa nyanja. Njira ya Macchabée imalumikiza ziwirizi, makilomita pafupifupi 10. Theka loyamba kuchokera ku Pétrin ndi msewu wadothi wosakwera wosatsika, wabwino kuyenda mukucheza, mpaka pamalo oonera chigwa chonse. Kuchoka apo njira imagwera pansi motsetsereka kwambiri, ndipo maondo ndi amene amalipira. Vuto lenileni limabwera mukafika kumunsi: galimoto munaisiya kumtunda, ndipo kuti muipeze pamsewu muyenera kuzungulira phiri kudzera ku Chamarel, pafupifupi ola lathunthu. Ndiye musankhe chimodzi. Mwina dalaivala akusiyeni ku Pétrin n'kukakudikirani ku chipata chakumunsi pa ola limene mwapangana, kapena muyende mpaka poonera paja n'kubwerera momwe munadzera. Mupanganiretu, chifukwa m'chigwamo netiweki imaduka.

Kwa inu awiri, ife tikuti kwerani nsonga ija. Njira yake imayambira pamsewu wa Plaine Champagne, pafupi ndi malo oonera otchedwa Gorges Viewpoint, ndipo pamenepo muli kale pamwamba, chotero chokwera chenicheni n'chochepa. Kupita ndi kubwera muwerengere maola atatu, kukakhala matope anayi. Mbali yaikulu mumayenda pansi pa mitengo. Mamita otsiriza okha ndi amene ali chiimire, ndipo pamafunika manja. Pamwamba mumaona phiri la Le Morne litaloza m'nyanja, lomwe akapolo othawa ankabisalako ndipo UNESCO inalilemba m'kaundula wake mu 2008, komanso madzi obiriwira a m'mphepete atalekana ndi akuda a nyanja yakuya ndi mzere woyera wa mafunde.

Muyambe 7 koloko kapena hafu 7 m'mawa. Nkhungu imakonda kukwera dzuwa likafika pamutu, ndipo ikakupezani pansonga mwakwerera pachabe. Mu Julayi dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko, ndipo pansi pa mitengo mdima umafulumira. Aliyense atenge malita awiri a madzi, jekete ya mvula, juzi yopepuka, chipewa ndi kamba wa panjira, chifukwa mkatimo mulibe okala. Kulibe mtengatenga ngati a ku Likhubula; chikwama n'chanu. Njira zazikulu zili ndi zikwangwani ndipo simukakamizidwa kutenga wolondolera, koma mapu muwatsitsiretu pafoni. Musapatuke kutsata tinjira tosalembedwa. Malo ambiri ozungulira pakiyi ndi a eni ake osakirako agwape, ndipo Juni mpaka Sepitembala ndi nyengo ya uzimba. Kukagwa chimvula, mitsinje ya kumunsi imadzaza mwadzidzidzi ngati Likhubula, musawoloke, dikirani. Nambala ya ambulansi ndi 114, ya polisi 999.

Njoka zaululu pachilumbachi kulibe, zimene kwa munthu wozolowera kuyenda m'tiyi ndi mpumulo. Akuba ake ndi apusi a pa Gorges Viewpoint. Amadziwa phokoso la pepala la bisiketi, ndipo amalanda m'manja. Chakudya chikhale m'chikwama chotseka.

Mukamayenda, yang'anani mbalame zitatu. Kabawi wa ku Mauritius anatsala anayi okha odziwika mu 1974. Nkhunda yofiirira inatsala pafupifupi khumi cha m'ma 1990. Chinkhwe chobiriwira chotchedwa echo parakeet nachonso chinatsala pang'ono kutha. Zonse zitatu anazipulumutsa pozisamalira chisa ndi chisa, dziko limene linataya kale mbalame ya dodo m'zaka za m'ma 1600. Muonanso mileme ikuluikulu yodya zipatso ikuuluka masana. Chimene chikupha nkhalangoyi muchiona ndi maso: timagwafa tofiira tobwera, totchedwa goyave de Chine, tamera mothithikana moti mbande za ebony, mtengo wakuda mkati ngati phingo, zimasowa pomera. Munthu amene anaona mmene paini anadzazira pa Chambe pamalo pa mkungudza sachita kufotokozeredwa. Pafupi ndi Pétrin ndi Macchabée pali zigawo zotchingidwa ndi waya zomwe amazulamo mitengo yobwerayi, ndipo mukasuzumira mkati mumaona mmene nkhalango yeniyeni inalili.

Mukatsika masana, Chamarel ali pafupi, ndi mathithi ake a mamita pafupifupi 100 ndi dothi la mitundu isanu ndi iwiri. Mbali inayo kuli Grand Bassin, nyanja yaing'ono yopatulika kwa Ahindu. Mukapitako valani modzilemekeza ndipo polowa m'kachisi vulani nsapato. Kupitirira pang'ono kuli esiteti ya tiyi ya Bois Chéri, imene inayamba mu 1892, chaka chimodzi Henry Brown atadzala tiyi ku Thornwood ku Mulanje. Fakitale yake kwa inu ndi yaing'ono ndipo simukaphunzirako zambiri za kufota ndi kuwumitsa masamba. Chokaonera ndi mmene amagulitsira tiyi wawo kwa mlendo: kumuonetsa, kumulawitsa, ndi kumusakanizira vanila.

Munda wa Pamplemousses

Mayi muwauziretu kuti uwu ndi munda wa mitengo kuposa wa maluwa. Akapita akuyembekezera mabedi a maluwa amitundumitundu ngati a pakhomo pa bwana wa esiteti, akhumudwa. Dzina lake lonse ndi Sir Seewoosagur Ramgoolam Botanic Garden, mahekitala 37, makilomita ngati 11 kuchoka ku Port Louis. Amene anaukonza kukhala munda wa mbewu ndi Pierre Poivre cha mu 1770, munthu amene anazembetsa mbande za nutmeg ndi cloves kuchoka kuzilumba zimene Adatchi ankazilondera kuti wina asadzale. Muli mitundu ya kanjedza yokwana 80 ndi kuposa. Umodzi, talipot, umakhala zaka makumi angapo osachita maluwa, kenako umatulutsa chingayaye chimodzi chachikulu pamwamba, n'kufa.

Chimene aliyense amathamangira ndi dziwe lalitali la akakombo a Victoria amazonica. Tsamba lake limayandama ngati lichero lalikulu, m'mphepete mopindikira m'mwamba, kunsi kuli minga. Latsopano limatuluka m'madzi litakwinyika ngati chibakera, n'kumatambasuka masiku angapo. Duwa limatseguka madzulo lili loyera, tsiku lotsatira lasanduka lofiirira, kenako lamira. M'nyengo yozizira ngati Julayi akakombowa sachita bwino ngati m'miyezi yotentha, ndiye zithunzi za pa Facebook zija musaziyembekezere ndendende.

Fikani potsegula, cha m'ma hafu 8, mabasi a alendo asanafike. Maola awiri kapena atatu akwana. Pakhomo mlendo amalipira, ndipo olondolera amalipiritsa padera. Mutengeni mmodzi. Mitengo yambiri ilibe zikwangwani zomveka, ndipo popanda iye mungodutsa mitengo yobiriwira yofanana. Iye amatola tsamba, kulifikisa m'manja, n'kukununkhitsani: ili sinamoni, ili camphor, ili likununkha zokometsera zinayi nthawi imodzi. Akuonetsaninso mitengo yodzalidwa ndi atsogoleri obwera kudzacheza, monga Indira Gandhi ndi Robert Mugabe, komanso khola la afulu akuluakulu a ku Aldabra.

Dzolani mankhwala othamangitsa udzudzu musanalowe. Ife tinazolowera udzudzu wa usiku ndi neti. Wa kumeneko, wamizere yoyera m'miyendo, umaluma masana pamthunzi, ndipo ndi umene umafalitsa dengue ndi chikungunya.

Ngati mayi akufuna zomera zofanana ndi zimene zingachite bwino ku Thyolo, munda waung'ono wa ku Curepipe, wa mu 1870, uli kozizira ndi konyowa ngati kwanu. Mulinso kanjedza wina, Hyophorbe amaricaulis, amene ndi yekhayo wotsala wa mtundu wake padziko lonse, wotchingidwa ndi mpanda.

Ndipo tinene mosabisa, chifukwa okonda maluwa tikuwadziwa: kanthambi kothyola mobisa n'kukulunga m'kansalu konyowa, ayi. M'mundamo n'koletsedwa, ndipo kulowetsa chomera m'Malawi kumafuna chilolezo ndi chikalata chotsimikiza kuti chilibe matenda. Anthu a ku Thyolo munaona chisaka chikumaliza nthochi. Matenda otere amayenda ndi mbewu yonyamula m'manja. Ngati pali chomera chimene mayi achifunitsitsa, kafunseni ndondomeko yake ku Bvumbwe Research Station musananyamuke.

Gofu pa Île aux Cerfs

Kachilumbaka ndi mahekitala 87, ndipo bwalo la gofu latenga 38. Analijambula ndi Bernhard Langer, linatsegulidwa mu 2003, maenje 18, par 72 (katswiri amayembekezeka kumaliza bwalo lonse atamenya ka 72). Omenya gofu ali ndi boti lawolawo lonyamukira pa Pointe Maurice, ndipo limawerengeredwa m'malipiro a bwalo. Anthu ena onse amakwera maboti a pa Trou d'Eau Douce, mphindi 10 mpaka 15 pamadzi. Musasokoneze madoko awiriwa. Polembetsa nthawi yomenyera, funsani ola la boti loti mukwere, ndipo funsaninso ngati mayi angakwere nanu ndi kukhala nanu m'kagalimoto ka gofu, ndi mtengo wake. Akakonda kutsala kugombe, mupangane malo ndi ola lokumana, chifukwa maboti obwerera amasiya kuyenda chakumadzulo dzuwa lisanalowe.

Lembetsani kudakali milungu iwiri kapena itatu, ndipo pemphani nthawi ya m'mawa kwambiri. Mbali imeneyi ndiyo yoyang'anana ndi mwera, ndipo mphepo imakula dzuwa likamakwera. Fikani padoko ola lathunthu nthawi yanu isanakwane. Malaya akhale a kolala, nsapato za mano a pulasitiki, jinzi ayi. Tengani umboni wa handicap yanu kuchokera ku kalabu.

Za handicap yomweyo: 18 wanuyo si amene mukamenyere. Chiyambire 2020 dziko lonse likugwiritsa ntchito njira imodzi, yoti nambala yanu imachulukitsidwa ndi slope ya bwalo (nambala yosonyeza kuvuta kwake) n'kugawidwa ndi 113, kenako n'kuwonjezera kusiyana kwa course rating (nambala ya kumenya imene wa handicap 0 amayembekezeka kumalizira bwalolo) ndi par. Mwachitsanzo, pa slope ya 135, 18 amasanduka 21 kapena 22. Tchati chake chimakhala ku shopu ya pabwalo. Onani mzere wa ma tee (malo oyambira kumenya pa dzenje lililonse) amene mwasankha. Ndipo sankhani modzichepetsa. Kuchokera kumbuyo kwenikweni bwaloli limapitirira mamita 6,400, ndipo pali maenje amene mpira woyamba uyenera kuuluka pamwamba pa madzi a nyanja kapena pa mitengo ya mangrove yomera m'madzi amchere usanapeze udzu. Munthu wa 18 amenyere ma tee apakati kapena akutsogolo. Palibe amene akukuonani.

Bwalo la maenje asanu ndi anayi la kwanu mumalidziwa ngati khonde lanu, ndipo mpira ukalowa m'tchire kadi, wonyamula ndodo uja, amaupeza. Uku kadi wotero musamuyembekezere, ndipo mpira wopatuka wapita: m'madzi, m'matope a mangrove, kapena pamiyala yakuda ya chiphalaphala imene imaudumphitsa kulowera kosadziwika. Nyamulani mipira 12 kuchokera kuno, yotsika mtengo, chifukwa ya ku shopu ya pachilumba imawawa m'thumba. Pa maenje opapatiza siyani driver, ndodo yomenyera patali kwambiri, m'chikwama, menyani ndi yofupikirapo monga hybrid kapena 5-iron kuti mukhale pa udzu. Mukakayika ngati mpira wapezeka, nenani kuti mukumenya provisional, mpira wachiwiri wongoyembekezera, musanachoke pa tee. Nthawi yofunafuna ndi mphindi zitatu zokha. Ukagwa m'dera la zikhomo zofiira, landirani chilango cha kumenya kumodzi, muugwetse mkati mwa ndodo ziwiri kuchokera pomwe unalowera. Ukakhala pamwala, musayese ukatswiri. Mwala wa chiphalaphala umakumba chitsulo cha ndodo ndipo ukhoza kukubwezerani mpira kumaso. Nenani kuti sumenyeka, chilango chimodzi, mupitirize.

Pali zinthu ziwiri zimene zidzafupikitsa mipira yanu. Choyamba ndi mpweya. Thyolo ali pamtunda, ndipo mpira umauluka patali pang'ono kumeneko kusiyana ndi m'mphepete mwa nyanja, komwe mpweya ndi wolemera. Chachiwiri ndi mphepo. Mukamamenya moyang'anana nayo, onjezerani ndodo imodzi pa mphepo yomveka pankhope, ziwiri kapena zitatu ikamagwedeza mbendera mwamphamvu, ndipo menyani mofatsa. Kumenya mwaukali kumawonjezera kuzungulira kwa mpira, umakwera m'mwamba ngati kaiti, n'kugwa pafupi. Ikani mpira kumbuyo pang'ono pakati pa mapazi, gwirani ndodo m'munsi pang'ono, muumenye wotsika. Milungu yatsalayi yesererani kumenya kotereku ku Thyolo Club madzulo a chiperoni.

Ndodo zanu mutenge kapena mukabwereke? Pa kumenya kamodzi kokha, kabwerekeni komweko, koma muwauziretu polembetsa, makamaka ngati ndinu amanzere. Mutenge nsapato, magolovesi awiri ndi mipira basi. Mukafuna kumenya kawiri kapena katatu, ndiye nyamulani zanu, koma funsani kampani iliyonse ya ndege pa ulendowu za malipiro a katundu wa masewera, chifukwa malamulo awo amasiyana. M'chikwama chofewa ikanimo mpini wa tsache wotalika kuposa driver, kuti chikwama chikagwa chamutu mpiniwo ndi umene ulandire, ndipo mitu ya ndodo muikulunge ndi matawulo.

Malipiro a bwalo limeneli ndi okwera, a mlendo wolipira mayuro. Mukawaona kuti akudya ndalama ya ulendo wonse, pali Mauritius Gymkhana Club ku Vacoas, komwe gofu anayamba kumenyedwa mu 1844, bwalo lakale kwambiri kumwera kwa dziko lapansi, par 68, la mitengo ikuluikulu ndi mamembala ake, lomwe mzimu wake ndi wa kalabu ngati yanu. Palinso Avalon, kumtunda kufupi ndi minda ya tiyi ya Bois Chéri. Zikatero ku Île aux Cerfs mupiteko ngati alendo a kugombe chabe.

Pa Trou d'Eau Douce mukangotsika galimoto akuzungulirani anyamata oitanira maboti, ngati pa depoti ya Limbe. Funsani zinthu zitatu musanapereke ndalama: mtengowo ndi wopita ndi kubwera, boti lobwerera ndi la nthawi yanji, ndipo kodi ulendo wokaona mathithi a Grande Rivière Sud-Est ndi chakudya zili momwemo. Landirani lisiti lokhala ndi dzina la boti. Majekete oyandamitsa akhalemo, ndipo muwavale. Pomwe maboti amakocheza pamakhala piringupiringu, koma mukayenda mphindi 15 kutsata gombe mupeza mchenga wopanda anthu pansi pa mitengo ya filao. Mayi avale nsapato za pulasitiki polowa m'madzi, chifukwa pansi pamakhala tizilombo takuda ta minga ngati kanungu, ndipo minga yake ikathyokera m'phazi tsiku latha. Pakati pa kachilumbaka ndi kanzake koyandikana nako pali mpata womwe madzi amathamanga nyanja ikamaphwa kapena kudzaza. Osadziwa kusambira asapitirire m'chiuno. Madzi amchere sali ngati a ku Mangochi, ndipo dzuwa la pamadzi limawotcha ngakhale kukuzizira, choncho chipewa ndi mafuta oteteza khungu zikhale m'chikwama.

Gofu musamuike tsiku lonyamuka. Boti likachedwa kapena nyanja ikawinduka, ndege sidikira. Muike tsiku lachinayi, lachisanu likhale lopuma ndi lolongedza, ndipo nsapato zamatope a ku Black River Gorges muzitsuke bwinobwino ndi kuziyanika musanaziike m'chikwama chobwera nacho ku esiteti.